Za Mitsempha ya Mauthenga ndi Nthenda ya Khunyu

Mawu amene mmodzi wa mamembala analankhula pamsonkhano wa pachaka



Ndiyamba ndi kuthokoza komiti pondipatsa danga lakuti ndiime pamaso panu lero. Nonse mudziwa kuti ine sindine dokotala. Ntchito yanga ndi ya ukalaliki: kulandira makalata, kuwalemba m'kaundula, ndi kuwapereka kwa eni ake. Sukulu ndinalekezera ku sekondale, ndipo zimene ndidzanena pano ndazitola m'mabuku amene ndakhala ndili kuwerenga madzulo ndikaweruka. Pakati pathu pali anamwino ndi aphunzitsi, ndipo ndidzakondwera akaonjezapo mawu awo pa nthawi ya mafunso.

Chimene chinandifikitsa ku mabukuwo ndi chinthu chochititsa manyazi, koma ndichinena poyera. Pa ofesi ina pamene ndinkagwira ntchito kale panali mesenjala, bambo ofatsa, aakulu kwa ine, amene mkono wawo wamanzere unali ndi zipsera za moto kuyambira pachigongono kufikira ku zala. Tsiku lina m'mawa, ali kutuluka ndi mtolo wa mafailo, anafuula kamodzi nagwa pakhonde. Thupi linauma gwa, kenaka manja ndi miyendo zinayamba kuphupha, thovu lili kutuluka kukamwa, mutu uli kugunda pa simenti. Tinalipo makalaliki angapo. Wina anati, "Khunyu! Musawakhudze!" ndipo tonse tinabwerera m'mbuyo. Ine ndinatseka mphuno ndi mpango, pakuti ndinakula ndili kumva kuti wokhudza thovu la munthu wogwa khunyu, kapena wopuma mpweya umene watuluka mwa iye, nayenso adzayamba kugwa. Amene anawathandiza anali mayi wogulitsa mandasi kunja kwa mpanda, amene anathamanga napinda nsalu yake, naiika pansi pa mutu wawo. Pambuyo pake ndinamva mbiri ya zipsera zija: ali mnyamata anagwera pamoto, ndipo anthu anaima chapatali kufikira kuphupha kunatha.

Kuyambira tsiku limenelo ndinafuna kudziwa chimene chinachitika m'thupi mwa bambo aja. Ndinapeza kuti munthu sangamvetse khunyu asanadziwe mmene mauthenga ayendera m'thupi lathanzi, ndipo chifukwa chake ndikupemphani kuti mupirire nane pamene ndiyamba kutali.

Chilankhulo chathu chili ndi liwu limodzi, mitsempha, lonena zinthu zingapo zosiyana. Pali mitsempha ya magazi, imene ili ndi mphako mkati monga bango. Pali mitsempha yolimba ija itivuta potafuna nyama. Ndipo pali ina yoyera, yofewa, yonga ulusi, imene sinyamula magazi konse. Iyi ndiyo nkhani yanga, ndipo ndidzaitcha mitsempha ya mauthenga.

Likulu lake ndilo ubongo. Ubongo wa munthu wamkulu ulemera pafupifupi kilogalamu 1.4, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 50 a kulemera kwa thupi lonse, koma udya gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu yonse imene thupi ligwiritsa ntchito likamapumula. Ife a m'maofesi sitidabwa kumva kuti likulu lidya zambiri chotero. Mbali yaikulu ya ubongo ili ndi magawo awiri, lamanja ndi lamanzere, ndipo ntchito zagawidwa m'malo mwake: kuona kuli chakunkhongo, kumva kuli cha m'mbali pafupi ndi makutu, kulamula minofu kuli chapamwamba. Kunsi kwa nkhongo kuli kaubongo kena kakang'ono kosamala kuti munthu aime ndi kuyenda mosapendekeka. Mowa ukafika kumeneko munthu adzandira. Pansi penipeni pali tsinde limene liyang'anira kupuma ndi kugunda kwa mtima, usana ndi usiku, ife tili m'tulo.

Chodabwitsa china ndi chakuti njira zopita ku minofu zipingasana pa tsindelo, kotero kuti gawo lamanzere la ubongo lilamula mbali yamanja ya thupi. M'chaka cha 1861 dokotala wa ku Paris, Paul Broca, anapima ubongo wa munthu amene anakhala zaka zambiri osatha kulankhula ngakhale anali kumva zonenedwa, napeza bala kumanzere chakutsogolo. Ndicho chifukwa chake nkhalamba imene yagwidwa ndi sitiroko nifa ziwalo za kumanja kawirikawiri itayanso mawu. Mkono wakufawo ulibe bala. Bala lili m'mutu, mbali inayo.

Kuchokera pa tsinde lija patsika chingwe chofewa choyenda mkati mwa mafupa a msana. Amene anasendapo mbuzi achidziwa, ndi choyera chija chioneka mukadula msana. Mwa munthu chili chachikulu ngati chala chaching'ono, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 45. Ndiwo msewu waukulu. Kuchokera m'menemo mutuluka mitsempha iwiriiwiri, wina kumanja wina kumanzere, pamalo 31, ndipo ina iwiriiwiri ituluka m'chigaza momwe pamalo 12 kupita ku maso, makutu, mphuno, lilime, nkhope ndi ziwalo zina za m'kati. Mitsempha imeneyi ichita nthambi kufikira palibe malo pakhungu pamene singano ingalase osamveka. Ina inyamula malipoti kupita kulikulu, ina itsika ndi malamulo. Msewu waukuluwo ukaduka, monga zichitika munthu akathyoka msana pa ngozi ya galimoto, zonse za kunsi kwa bala zikhala zamoyo koma zosamva ndi zosalamulika.

Si nkhani zonse zimene zidikira likulu. Mukagwira chivundikiro cha mphika chotentha, dzanja lithawa musanamve kupweteka. Uthenga wafika kumsana, ndipo kumsana komweko lamulo latuluka lakuti minofu ikoke dzanja. Ubongo ulandira lipoti pambuyo. Ndi monga nyakwawa imene ithamangitsa ng'ombe m'munda isanakauze mfumu. Palinso gulu lina la mitsempha limene ligwira ntchito osatifunsa, loyendetsa matumbo, thukuta ndi mtima. Mukakumana ndi galu wolusa mumdima, mtima uthamanga ndipo m'kamwa muuma, inu musanalamule kanthu.

Tsono tilowe m'kati mwa ulusiwo. Thupi lonse lamangidwa ndi tizigawo tamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo maselo onyamula mauthenga dzina lawo ndi manyuroni. Kuwerenga kumene anachita Suzana Herculano-Houzel ndi anzake ku Brazil, kofalitsidwa mu 2009, kunapeza kuti mu ubongo wa munthu muli manyuroni pafupifupi 86 biliyoni. Nyuroni ifanana ndi mtengo. Ili ndi kathupi pakati, ili ndi nthambi zambiri zazifupi zolandirira mauthenga, ndipo ili ndi chingwe chimodzi chachitali chotumizira, chimene m'mabuku achitcha axon. Zina mwa zingwezi n'zazifupi kwambiri, koma chimene chichoka kunsi kwa msana kukafika ku phazi chitalika pafupifupi mita yathunthu, chili mbali ya selo limodzi lokha. Mtsempha umene dokotala auona ndi maso ndi mtolo wa zingwe zotere zikwi zambiri zomangidwa pamodzi.

Kuti anthu adziwe zimenezi panali mkangano waukulu. Mu 1873 Camillo Golgi wa ku Italy anapeza njira yodetsera kachidutswa ka ubongo ndi mankhwala a siliva, kotero kuti manyuroni owerengeka anada bii pakati pa anzawo naoneka bwino pa makina okulitsa zinthu. Golgi anakhulupirira kuti zingwe zonse n'zolumikizana ngati ukonde umodzi wopanda mpata. Koma Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene ali mnyamata bambo wake anamtumiza kukaphunzira kumeta ndi kusoka nsapato chifukwa cha kusamvera kusukulu, anatenga njira ya Golgi yomweyo, najambula zimene anaona mosamala kwambiri, nanena kuti nyuroni iliyonse ili payokha: ifika pafupi ndi inzake koma siilowana nayo. Mu 1906 onse awiri anapatsidwa mphoto ya Nobel pamodzi, ndipo Golgi, polankhula ku Stockholm, anatsutsa maganizo a mnzakeyo pamaso pa anthu. Wolondola anali Cajal, koma mpatawo unaoneka ndi maso m'zaka za m'ma 1950, pamene panabwera makina amphamvu koposa, onse awiri atamwalira kale.

Apa pabuka mafunso awiri. Kodi uthenga uyenda bwanji m'kati mwa nyuroni imodzi? Ndipo ukafika kumapeto, uwoloka bwanji mpata uja?

Yankho la funso loyamba ndi magetsi. Luigi Galvani wa ku Bologna anafalitsa mu 1791 zimene anaona, kuti mwendo wa chule wakufa ukankha pamene mtsempha wake wakhudzidwa ndi magetsi. Koma magetsi a m'thupi sayenda monga a m'waya wa nyumba. Chinsinsi chake anachimasula Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley ku England mu 1952, pogwiritsa ntchito nyama ya m'nyanja yamchere yotchedwa squid, imene ili ndi chingwe chachikulu kotero kuti munthu angalowetsemo kawaya. Nyuroni yakutidwa ndi kakhungu kopyapyala. Kunja kwa kakhunguko kuli madzi okhala ndi sodiyamu wambiri, yemwe uja ali mu mchere wathu wa m'ndiwo; m'kati muli potaziyamu wambiri, amene apezekanso m'chidulo chimene amayi acheza ndi phulusa. Nyuroni igwira ntchito nthawi zonse kutulutsa sodiyamu ndi kulowetsa potaziyamu, ndipo kusiyana kumeneku kuichititsa kukhala ngati kabatire kodzaza, ka mphamvu yokwana ngati gawo limodzi mwa magawo 20 a batire la tochi. M'kakhungu muja muli timakomo totseka. Nyuroni ikadzutsidwa mokwanira, timakomo ta pamalo amodzi titseguka, sodiyamu athamangira m'kati, ndipo kusintha kumeneko kutsegula timakomo toyandikana nato, tomwe titsegulanso ta patsogolo. M'mbuyo timakomo ta potaziyamu titseguka kubwezera zinthu mwakale. Zonsezi pamalo amodzi zitenga ngati gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Fanizo limene linandithandiza ine ndi la moto wa lupsa. Moto ukayenda m'dambo, lawi loyamba silifika kutsidya. Tsinde lililonse la udzu liyatsa linzake, ndipo moto ufika kumapeto uli ndi ukali womwe uja unayamba nawo. Subwereranso m'mbuyo, pakuti kumeneko kwapsa kale. Kusiyana kwake n'kwakuti udzu wa m'nyuroni uphukanso nthawi yomweyo, wokonzeka kupsanso.

Moto umenewu ulibe waukulu kapena waung'ono: uyaka wonse kapena suyaka konse. Nanga ubongo usiyanitsa bwanji ntchentche yotera pamkono ndi mbola ya mavu? Edgar Adrian wa ku Cambridge anaonetsa m'zaka za m'ma 1920 kuti kusiyana kuli pa kuchuluka kwa mauthenga pa sekondi. Mlendo wamba anena "Odi" kamodzi nadikira. Wothamangitsidwa ndi chilombo anena "Odi, odi, odi" mosalekeza. Liwu ndi lomwelo, koma eni nyumba adziwa.

Liwiro lake si lofanana m'zingwe zonse. Hermann von Helmholtz analiyeza mu 1850 pa mtsempha wa chule napeza pafupifupi mamita 30 pa sekondi, anthu ambiri ophunzira akuganiza kuti n'losayezeka. Zingwe zina zakulungidwa ndi mafuta oyera otchedwa myelin, monga waya wa magetsi akutidwa ndi pulasitiki, koma ndi timipata apa ndi apo. Uthenga ulumpha kuchoka pa kampata kufika pa kena, ndipo uthamanga mamita 100 pa sekondi kapena kuposerapo, ndiko kudutsa bwalo la mpira munthu asanamalize kunena "chimodzi". Zingwe zopanda chokutacho ziyenda ngati mita imodzi pa sekondi. Mungaziyese nokha, ngakhale sindikufunirani: mukapunthwa chala pa chitsa, mumva kulasa kwadzidzidzi, ndipo patapita kamphindi kufika kuwawa kwina kofukuta. Ndi makalata awiri a nkhani imodzi, ina yadza pa galimoto, ina pansi.

Funso lachiwiri ndilo lokoma koposa. Pamalo pamene chingwe cha nyuroni ina chifika pa inzake, Charles Sherrington anapatcha synapse mu 1897. Ine ndidzapatcha doko, chifukwa pali mtsinje wopanda mlatho. Mtsinjewo ndi wopapatiza zedi: mutang'amba tsitsi limodzi m'litali kukhala tizingwe 2,000, kamodzi mwa ito kangakhalebe kokulirapo kuposa mpatawo. Komabe pa madoko ambiri moto uja sutha kulumpha.

Amene anaonetsa chowolotsa anali Otto Loewi wa ku Graz, mu 1921. Iye mwini anasimba kuti nzeruyo inamdzera m'tulo; anadzuka nailemba pa kapepala, koma m'mawa analephera kuwerenga zolemba zake. Monga kalaliki amene avutika tsiku ndi tsiku ndi zolemba za anthu ophunzira, mbali imeneyi ndiikhulupirira msanga. Usiku wotsatira lotolo linabweranso, ndipo sanadikire kucha. Anatenga mitima iwiri ya achule, imene ipitiriza kugunda ikaikidwa m'madzi amchere. Anadzutsa ndi magetsi mtsempha umene uchedwetsa mtima woyamba, ndipo mtimawo unayamba kugunda pang'onopang'ono. Kenaka anatunga madzi a pa mtima umenewo nawathira pa wachiwiri, umene mtsempha wake sanaukhudze, ndipo nawonso unachedwa. Motero kunadziwika kuti mtsempha unatulutsa kanthu m'madzimo. Kanthuko ndi mankhwala otchedwa acetylcholine, ndipo Loewi analandira mphoto ya Nobel mu 1936 pamodzi ndi Henry Dale.

Zichitika motere. Kumapeto kwa chingwe kuli timatumba todzaza ndi mankhwala. Moto ukafika, timatumbato titsanulira mankhwala mumtsinje, ndipo iwo awoloka nakalowa m'malo owakonzera kutsidya, monga kiyi alowa m'loko wake. Akalowa, timakomo ta nyuroni yachiwiri titseguka. Pomwepo mankhwalawo ayenera kuchotsedwa msanga, pena pophwanyidwa, pena pobwezedwa kumene anachokera, kuti doko likhale loyera kudikira uthenga wina.

Pano ndipempha kuti mumvetsere bwino, pakuti mutu wa nkhani yanga wagona apa. Mankhwala owolokawa ali amitundu yambiri, ndipo sanena chimodzi. Ena, monga glutamate, anena kuti "yaka". Ena, monga GABA, anena kuti "leka". Nyuroni imodzi ilandira mawu pa madoko zikwi zingapo nthawi imodzi, ndipo ichita monga mfumu pabwalo: imva onse, ndipo iyaka pokhapokha onena "yaka" akaposa onena "leka" mokwanira. Ine poyamba ndinkayesa kuti ntchito ya ubongo ndi kutumiza basi. Koma kuletsa ndi ntchito yaikulu chimodzimodzi. Kuti ndikweze kapu iyi, minofu ina iyenera kukoka ndipo ina iyenera kuuzidwa kuti ileke. Popanda oletsa, mkono ungauma. Madoko omwewa ndiwo asintha pamene tiphunzira: limene liwolokedwa kawirikawiri lilimba, monga njira ya kuchitsime.

Matenda ndi ziphe zambiri zimene tizidziwa kwathu kuno zigwira pa doko. Ululu wa njoka zina, monga mamba, usokoneza doko la pakati pa mtsempha ndi mnofu. Zikope zilemera, mawu avuta, ndipo potsiriza minofu yopumira ileka. Mankhwala ena ophera tizilombo m'munda aletsa kuphwanyidwa kwa acetylcholine, kotero kuti uthenga sutha. Munthu wowamwa, kapena wopopera osadziteteza, atuluka dovu ndi thukuta, minofu inthunthumira, kupuma kubanika. Kafumbata atulutsa poizoni amene atseka pakamwa oletsa a m'chingwe cha msana, ndipo nsagwada ziuma, msana upindikira m'mbuyo. Khate ndi lina: tizilombo take tiononga mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi, munthu apsa kapena kulasidwa osamva, ndipo zilonda zosasamalidwazo ndizo zimaliza zala.

Tsopano tabwerera pakhonde paja. Mu ubongo wathanzi manyuroni ayaka pa nthawi zosiyanasiyana, gulu lililonse pa ntchito yake, monga anthu pamsika. Khunyu lichitika pamene oletsa agonja pamalo ena, ndipo khamu la manyuroni liyaka lonse pamodzi, mobwerezabwereza, moto nufalikira kwa anzawo. Dokotala wa ku London, John Hughlings Jackson, analongosola chomwechi mu 1873, makina oyezera asanakhalepo. Anaona odwala ena amene kuphupha kuyambira pa chala, kukwera mkono, kufika kunkhope, nazindikira kuti moto uli kuyenda pa ubongo malo ndi malo. Hans Berger wa ku Jena anayamba kujambula magetsi a ubongo wa munthu mu 1924 nafalitsa mu 1929, ndipo lero makina otere aonetsa namondweyo pa pepala kapena pa kompyuta.

Chizindikiro chilichonse chimene chinatiopsa chili ndi chifukwa chake. Mfuu ija si ya ululu kapena ya chiwanda. Ndi mpweya wofinyidwa kutuluka pamene minofu ya pachifuwa yauma mwadzidzidzi. Kuphupha ndi minofu yomvera malamulo osokonekera. Thovu ndi malovu wamba amene munthu walephera kumeza, osakanizika ndi mpweya, ndipo likafiira ndiye kuti wadziluma lilime. Mkodzo kapena mpweya zikatuluka, ndi chifukwa chakuti zotsekera zake zatayirira kwa kanthawi. M'zonsezi mulibe chimene chingalowe mwa munthu wina n'kuyatsa manyuroni ake. Mayi wa mandasi uja anapukuta thovu ndi dzanja lake, ndipo anagulitsabe mandasi pampanda paja kufikira ine ndinachoka. Dziwaninso kuti si khunyu lonse ligwetsa. Alipo ana amene angoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali tong'o, osayankha, kambirimbiri pa tsiku. Ena a iwo akwapulidwa kusukulu ndi kunyumba monga ana amwano.

Chimene chifooketsa oletsawo kawirikawiri ndi chipsera pa ubongo. Mwana amene anabanika pobadwa, amene anadwala malungo a mu ubongo kapena nthenda youmitsa khosi, munthu amene anavulala m'mutu kapena anagwidwa ndi sitiroko, onsewa angayambe kugwa, nthawi zina patapita zaka. Kumene kuli nkhumba zoyendayenda ndi zimbudzi zochepa kulinso njoka ya m'mimba imene mazira ake, akamezedwa ndi chakudya kapena madzi odetsedwa ndi chimbudzi, angakamange timatuza mu ubongo. Ena atengera ku mtundu, ndipo mwa ambiri chifukwa chake sichipezeka ngakhale atapimidwa. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linena kuti anthu a khunyu alipo pafupifupi 50 miliyoni, kuti pafupifupi 80 mwa 100 alionse akhala m'maiko osalemera, ndi kuti kufikira 70 mwa 100 angaleke kugwa atapimidwa ndi kulandira mankhwala oyenera. Chiwerengero chotsirizachi chinandipweteka pochiwerenga, pokumbukira mkono uja.

Mankhwalawo si achilendo. Phenobarbitone anayamba kuperekedwa kwa odwala khunyu mu 1912, ndipo ntchito yake ndiyo kulimbikitsa mawu a GABA, oletsa aja. Alipo ena, monga phenytoin ndi carbamazepine, amene agwira pa timakomo ta sodiyamu kuti tisatseguke motsatizana kwambiri. Koma mankhwalawa safafaniza chipsera; angochirikiza oletsa pa nthawi imene ali m'magazi. Chifukwa chake ayenera kumwedwa tsiku lililonse, ngakhale munthu wakhala miyezi osagwa, ndipo kuwaleka mwadzidzidzi kungadzetse kugwa koopsa koposa kwa poyamba. Woyenera kusintha kapena kuleketsa ndi wachipatala yekha, ndipo mayi wa khunyu amene afuna kutenga pakati akambirane nawo zisanachitike. Sindili kunyoza amene apita kwa abusa kukapemphereredwa. Ndingopempha kuti botolo lisatayidwe pobwerera.

Munthu akagwa pamaso panu, choyamba mchotseni pamoto, m'madzi kapena pamsewu, ndipo chitani pomwepo, ndi manja anu. Ikani chofewa pansi pa mutu, masulani kolala, chotsani zimene zingamvulaze. Musampanikize kuti aleke kuphupha, pakuti moto uli m'mutu ndipo mungangomthyola fupa. Musaike supuni, kamtengo kapena chala m'kamwa mwake. Munthu sameza lilime lake, koma mano athyoka ndipo zala zilumidwa. Kuphupha kukatha, mgonekeni chammbali kuti malovu atuluke, musammwetse kanthu kufikira atatsitsimuka bwino, ndipo khalani naye, pakuti adzuka wosokonezeka ndi wamanyazi. Wina amfunditse nsalu ndi kubalalitsa oonerera. Kawirikawiri zitha pasanathe mphindi ziwiri kapena zitatu. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, kapena ngati ndi mayi wapakati, kapena mwana wotentha thupi, thamangani naye kuchipatala. Wodwalayo payekha asakhale pafupi ndi moto, asasambe kumtsinje kapena kukwera mumtengo popanda womuona.

Za bambo aja nditsirize. Mwezi wotsatira anachotsedwa ntchito. Kalatayo inanena zifukwa zina, koma tonse tinadziwa chenicheni, pakuti makalaliki anali atayamba kukana kumwera kapu imene iwo amwera. Inadzera pa desiki panga. Ndinailemba m'kaundula, ndinaipatsa nambala, ndipo popeza mesenjala anali iwo omwe, ndinawapatsa m'manja. Anaiwerenga ali chiimire nati, "Zikomo, achimwene," natuluka. Kumudzi kwawo n'kutali, ndipo sindinawaonenso.

Motero, Bambo Wapampando, ndiika zopempha ziwiri pamaso pa komiti. M'mabanja a mamembala athu alimo ana ndi akulu amene agwa, ndipo ena abisidwa m'nyumba. Chowalepheretsa ambiri si kukana mankhwala koma ulendo wa mwezi ndi mwezi wokawatenga. Thumba lathu lithandiza pa maliro. Ndipempha kuti chaka chikudzachi lipatule kagawo ka ndalama yoyendera ya odwala otere ndi owaperekeza, ndipo maina aperekedwe kwa mlembi mwamseri, osawerengedwa pamsonkhano. Chachiwiri, ndipempha kuti pamsonkhano wa mwezi wamawa mmodzi wa anamwino athu atisonyeze kagonekedwe ka chammbali, aliyense ayese ndi manja ake. Mkeka ndidzabweretsa ine, ndipo ndidzayamba kugonapo.